Puloti ndi yanu, funsani musanathire simenti

Asisi, mwavutika kusonkha ku banki m'khonde mpaka mwagula puloti ku Area 49. Kenako mmisiri akuti, "Mayi, izi n'za amuna, inu ingobweretsani simenti." Ayi ndithu!

Mumzinda, pulani ya nyumba imayenera kuvomerezedwa ndi khonsolo musanakumbe maziko, apo ayi akhoza kukuimitsani, ngakhale kugwetsa kumene. Ndipo si zamapepala chabe: tinaona Freddy atakokolola nyumba m'mphepete mwa phiri la Soche mu Malichi 2023.

Ndiye ife tikuti tizifunsana, opanda manyazi. Pakati pathu pali mainjiniya, ena anamangapo kale. Chimbudzi chokumba chitalikirane bwanji ndi chitsime? Mamita osachepera 30. Kungoti yankho la mnzanu si chidindo cha khonsolo. Chilolezocho mukatengebe, ndipo chituluke m'dzina lanu, osati la abwenzi.