Imvi, Utoto wa Tsitsi ndi Masiku Awiri Oyembekeza

Nyengo ya maukwati ikafika, ndiponso pamene tikonzekera Ubatizo ndi Ulimbitso wa ana athu, timaona cinthu codabwitsa m'chalichi: imvi zimasowa. Mitu imene Lamulungu lapitalo inali mbuu ngati thonje la m'munda, imalowa pa Misa ili bii ngati khala. Si amai okha ai. Ngakhale ife abambo, amene timakonda kuseka akazi athu cifukwa cokhalitsa pa kalilole, tayamba kubviika ndevu zathu m'kabotolo komweko. Kusiyana kwake nkwakuti ife timacita usiku, citseko cili cotseka.

Ena atifunsa ngati kudaya tsitsi kuli chimo. Funso limeneli si lacilendo mu Mpingo. Kale ku Carthage, mzinda wa kumpoto kwa Africa m'dziko limene lero lichedwa Tunisia, mlembi wacikhristu Tertullian anadzudzula akazi amene anali kusanduliza tsitsi lao kuti likhale lacikasu. Izi zinali ca m'ma 200. Cyprian Woyera, episkopi wa mzinda womwewo amene anafera cikhulupiriro m'caka ca 258, nayenso sanawaleke. Komatu cimene atate amenewa anali kulimbana naco ndi kunyada ndi kudzionetsera, ndipo Mpingo sunaikepo lamulo loletsa utoto. Francis de Sales Woyera, m'buku lake la 1609 lolangiza akhristu wamba, anafuna kuti munthu wopemphera azioneka waudongo ndi wobvala bwino, koma wopanda matama. Ife maganizo athu ndi akuti imvi ndi ulemu, monga buku la Miyambo liphunzitsa, ndipo mudzi wopanda imvi ndi womvetsa cisoni. Koma amene wasankha kuzibisa sanacimwe.

Pamene cikumbumtima ciyenera kudzuka ndi pa Lamulo lacisanu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene anatuluka m'caka ca 1992, pa ndime 2288 atikumbutsa kuti moyo ndi thanzi ndi mphatso zimene Mulungu anatisungitsa, ndipo tiyenera kuzisamala mwanzeru. Tsono m'kabotolo kaja muli cinthu cimene ambiri a ife sitinacimvepo dzina lake.

Utoto wambiri wakuda ndi woderako, uja umene sucoka ngakhale musambe kangati, uli ndi mankhwala ochedwa para-phenylenediamine, mwacidule PPD. Mankhwala amenewa anayamba kugwiritsidwa nchito pa tsitsi ku Ulaya ca m'ma 1880, ndipo sanasiyidwe mpaka lero cifukwa abisa imvi bwino pa mtengo wocepa. Tizidutswa take ndi tating'ono kwambiri kotero kuti timalowa m'kati mwenimweni mwa tsitsi. Tikakumana ndi madzi a m'botolo laciwiri lija, amene ali hydrogen peroxide, timagwirana nkukhala tikulutikulu, ndipo sitingathe kutulukanso. Ndico cifukwa cake mtundu ukhalitsa. Koma kucepa komweko kumatithandiza kulowanso m'khungu la kumutu, la m'makutu ndi la m'khosi. M'caka ca 2006 bungwe la madotolo a khungu a ku America, American Contact Dermatitis Society, linasankha PPD kukhala mankhwala oyenera kucenjezedwa koposa m'caka cimeneco. Maiko a European Union salola kuti PPD apitirire magawo 2 pa 100 mu utoto wosakanizidwa kale, ndipo amalamula kuti pa bokosi palembedwe kuti utoto wotere si wa ana osakwana zaka 16.

Makolo athu anali nalo liwu la bvuto limeneli: kuwenga. Tonse tidziwa munthu amene nsomba ina kapena nyama ina imamuwenga, pamene anzake a mbale imodzi adya osaona kanthu. Utoto nawonso umawenga, koma kawengedwe kake nkocenjera. Citetezo ca m'thupi cili ngati alonda a pamudzi. Mlendo akafika tsiku loyamba samumenya ai. Amangomuyang'ana nkusunga nkhope yake. Angabwere kaciwiri, kacisanu, ngakhale kwa zaka khumi, alonda ali phee. Koma tsiku limene adzamuyesa mdani, mudzi wonse udzuka ndi zibonga, ndipo cimene cionongeka pa nkhondoyo ndi mudzi womwewo, ndiye kuti khungu la mwini wake. Alonda amenewa saiwala. Munthu amene PPD wamuwenga kamodzi adzakhala wotero moyo wake wonse, ndipo kawirikawiri ulendo wotsatira umaposa woyamba. Cotero mau aja akuti, "Ine ndakhala ndidaya kuyambira ndili mtsikana, sindinaonepo kanthu," sateteza munthu. Tsoka silinunkha.

Cina cobvuta ncakuti ziwengo zimenezi zimacedwa kuoneka. Zimatenga tsiku limodzi, masiku awiri, nthawi zina atatu. Apa mpamene nkhani ya utoto ilowa m'nchito ya ife aphunzitsi a mpingo, pakuti milandu yake imafika pa khomo pathu isanafike ku cipatala. Mai wadaya tsitsi Lacinai madzulo. Lacisanu mutu ungoyabwa pang'ono. Loweruka m'mawa, tsiku la ukwati wa mwana wake, adzuka mphumi yatupa, zikope zatsekeka, makutu ali ndi matuza ocuca madzi, nkhope yosazindikirika. Ndani pa nthawi yotere angakumbuke kabotolo ka dzana? Amene akumbukidwa ndi apongozi amene sanakondwe ndi ukwatiwo, mlamu amene anakana kusonkha, mai woyandikana naye amene anapereka moni wozizira pa mjigo. Anthu athamangira kwa woombeza, ndipo woombeza sabweza munthu wopanda dzina. Nkhope imaphwa pakapita sabata limodzi kapena awiri, koma dzina la mfiti limene lamatidwa pa nkhalamba yosalakwa silicoka ndi sopo. Abale asiya kudyera pamodzi, ena aleka kulandira Ukaristia, mphakati ugawika pawiri. Pamenepo Lamulo lacisanu ndi citatu lathyoledwa, pamene mboni yoona inali m'dzala, kabokosi kopanda kanthu kali ndi cithunzi ca mkazi womwetulira.

Njira yoyesera khungu si yatsopano. Dotolo wa ku Germany, Josef Jadassohn, anaifotokoza m'caka ca 1895, ndipo madotolo a khungu aitsatabe: amamata pa msana timankhwala tocepa tosiyanasiyana, kutisiya maola 48, kenaka kuyang'ana, ndi kuyang'ananso pakapita masiku ena awiri. Kuyesa kwa kunyumba, kumene opanga utoto amalemba pa kapepala ka m'bokosi, ndi mwana wa njira imeneyi. Musambitse ndi kupukuta kuseri kwa khutu, kapena m'kati mwa mkono popindira cigongono. Mupakepo utoto pang'ono, malo okula ngati cikhadabo ca cala cacikulu. Opanga ena afuna utoto wosasakaniza, ena afuna kuti muyambe mwasakaniza timadontho ta mabotolo onse awiri. Ena ati mutsuke pakapita kanthawi, ena ati musatsuke konse. Pa zimenezi mverani kapepala ka utoto umene mwagula, osati ka umene munagula caka catha. Cimene onse agwirizana ndi kuyembekeza maola 48, ndi kuyesa ulendo uliwonse, ngakhale utoto uli womwewo wa masiku onse.

Timapepala tambiri timati muyang'ane ngati khungu lafiira. Analemba zimenezi anali kuganiza za khungu loyera. Pa khungu lathu kufiira sikuoneka bwino, ndipo munthu anganamizike kuti zonse zili bwino. Ife tiyenera kumvera thupi ndi kukhudza ndi cala: kuyabwa, kutentha, kutupa pang'ono, tinsungu, kapena malo amene ada kuposa khungu lozungulira. Kuseri kwa khutu maso a mwini safika. Pemphani amuna anu, akazi anu kapena mwana kuti ayang'ane pa dzuwa, osati pa kandulo. Cizindikiro cimodzi cokha cikwanira. Tsukani pomwepo, ndipo utotowo usafike kumutu, ngakhale munaugula modula bwanji.

Tisanamizane kuti kuyesa kumeneku ndi linga losagumuka. Munthu angayese osaona kanthu, nkudzawengedwabe atapaka mutu wonse, pakuti kadontho si cimodzimodzi ndi botolo lathunthu. Akatswiri ena acenjezanso kuti kuyesa komweko, pokhudzitsa khungu ndi PPD mobwerezabwereza, kungaphunzitse alonda aja nkhope ya mlendo. Cotero ticite monga kapepala kanena, osaonjeza muyeso kapena nthawi. Ndipo amene utoto unamutupitsapo kale asayesenso kunyumba. Iye yankho analandira kale, cimene catsala ndi kukaonana ndi dotolo wa khungu. Asakhulupirirenso msanga bokosi lolembedwa kuti mulibe PPD, cifukwa ambiri otere ali ndi mbale wake wochedwa PTD, amene amawenganso anthu ambiri amene PPD anawawenga.

Acinyamata athu tiwacenjeze za zojambula za pa khungu zimene amati za hena wakuda. Hena weniweni ndi masamba a mtengo, ndipo mtundu wake ndi wofiirira, sada bii. Ukaona wakuda, wouma msanga, dziwa kuti kawirikawiri athiramo PPD, ndipo wambiri kuposa wa mu utoto wa tsitsi. Kaduwa kamodzi kojambulidwa pa dzanja kangakonzeretu thupi kuti lidzawengedwe pambuyo pa zaka. Ku England mai wina anakomoka atadaya tsitsi m'caka ca 2011, nakhala cikomokere mpaka anamwalira mu 2012. Pofufuza imfa yake mu 2015 kunamveka kuti anajambulitsa hena wakuda ku Dubai mu 2007, ndi kuti utoto unali kumubvuta mobwerezabwereza, koma sanaleke. Imfa zotere nzosowa, ndipo sitifuna kuopseza munthu. Cimene titolapo ncakuti thupi limayamba lacenjeza. Utoto wa tsitsi usafikenso pa nsidze, monga tiona atsikana ena acitirana. Ku America m'caka ca 1933 utoto wa nsidze wochedwa Lash Lure, umene unali ndi PPD, unabvulaza maso a akazi angapo, ndipo nkhani imeneyo inathandiza kuti dzikolo likhazikitse lamulo la 1938 loyang'anira zodzoladzola.

Ngati zabvuta kale, tsukani mutu ndi madzi ambiri ndi sopo wosaluma, ndipo pitani ku kiliniki mutanyamula bokosi la utotowo, kuti a cipatala asataye nthawi kufunafuna matenda a impso kapena ena otupitsa nkhope. Mankhwala oziziritsa ziwengo alipo, opaka ndi akumwa, koma asankhe ndi dotolo. Musapake mafuta a galimoto, phulusa kapena mankhwala otsukira mano pa matuza. Koma munthu akayamba kubanika, lilime kapena khosi kutupa, cizungulire kumugwira utoto ukali kumutu kapena atangotsuka, imeneyo ndi ngozi ya mphindi zowerengeka. Pezani galimoto, njinga kapena ngolo. Pempherani muli pa njira.

Tisaiwale ana athu amene apeza cakudya m'masaluni. Kasitomala akumana ndi utoto kamodzi pa mwezi, koma mtsikana womudaya aukhudza kangapo pa tsiku, nthawi zambiri ndi manja osabvala kanthu. Manja akayamba kung'ambika ndi kuyabwa, nchito imene anaiphunzira mobvutika imathera pomwepo. Mkhristu amene ali ndi saluni agule magolovesi monga agulira magetsi ndi madzi. Ndi gawo la malipiro olungama. Asadaye munthu amene ali ndi zilonda kumutu, kapena amene wangopaka mankhwala owongola tsitsi, pakuti khungu lopsa ndi khomo lotseguka. Papite masabata awiri. Ndipo alimbe mtima kuuza kasitomala wofulumira kuti, "Amai, lero tiyese kuseri kwa khutu, mubwere mkuja." Ena adzakwiya nkupita kwina, tidziwa. Koma safunsa anadya phula, ndipo saluni imene inatupitsa mkwatibwi imachuka msanga kuposa imene inamucedwetsa.

Utoto waufa wogulitsidwa m'timapaketi topanda dzina, kapena wolembedwa m'cinenero cimene palibe aciwerenga pamudzi, ife sitingaulimbikitse, cifukwa palibe adziwa kuculuka kwa PPD amene alimo. Wotsala uliwonse usungidwe patali ndi ana ndi cakudya. PPD akamwedwa ndi poizoni woopsa: atupitsa khosi mpaka kutseka mpweya, naononga impso, ndipo m'maiko monga Sudan ndi Morocco wapha anthu ambiri.

Kwa a komiti ya ukwati, amene mumadziwa kuwerengera nkhuku, matumba a mpunga ndi mabokosi a zakumwa, onjezani mzere umodzi pa pepala lanu. Ngati ukwati uli Loweruka, amai ake a mkwatibwi, anamkungwi ndi atsibweni a ndevu zaimvi ayese utoto wao Loweruka la sabata lapitalo, ayang'ane kuseri kwa khutu Lolemba, ndipo ngati khungu lili bwino adaye Laciwiri. Akatero, ngakhale ziwengo zocedwa zitabuka, padzakhala masiku okwanira ofikira ku cipatala belu la chalichi lisanalire.