Mpando wa Louis XIV Unali ndi Malire

Kuyambira m'chaka cha 1661, mawu a Mfumu Louis XIV ya dziko la France ndiwo anali lamulo. Mabanja olemekezeka inawakokera kunyumba yachifumu ku Versailles kuti iziwayang'anira pafupi, ndipo nzeru imeneyi inagwiradi ntchito.

Komatu mfumu yosafunsa anthu inalakwa kwakukulu mu 1685 poletsa chipembedzo cha Chipulotesitanti, pakuti amisiri ndi amalonda zikwizikwi anathaŵira kunja ndi luso lawo. Nkhondo zinatha chuma, msonkho nkumapsinja alimi.

Msonkhano wa oimira anthu, umene mafumu anaunyalanyaza chiyambire 1614, unaitanidwa mu 1789 chifukwa ngongole zinafika m'khosi. Patapita zaka zinayi, mfumu ya nthaŵiyo, Louis XVI, inadulidwa mutu.