Akavalo a pakhoma, amtengatenga a m'manda

Pali matenda ena amene agwira nyumba zamipanda italiitali za ku Nyambadwe ndi ku Namiwawa. Munthu akangopata tindalama, basi pabalaza payenera kupachikika chithunzi chakale cha penti wa mafuta: asilikali achizungu ali pamsasa, matenti oyera, moto ukuyaka, akavalo onenepa akudya msipu. Eni nyumba amvekere, "Izi ndiye zaluso, achimwene!"

Luso lilipodi, sitikana. Philips Wouwerman wa ku Holland, amene anamwalira mu 1668, ankajambula kavalo woyera ngati kuti apuma pompo. Koma tafunsani, Amalawi anzanga: nkhondo itafika kwathu kuno, kavalo anali ndani?

Mu Sepitembala 1914 Angerezi ndi Ajeremani anawomberana ku Karonga, ndipo nkhondo ya Chiwaya inatha mu 1918. Akavalo ndi nyulu zinkafa ndi kashembe m'tchire la Tanganyika, misewu ya galimoto kunalibe. Ndiye atsamunda anatani? Anagwira agogo athu. Amuna pafupifupi 200,000 a mu Nyasaland anasanduka amtengatenga, kusenza zipolopolo, ufa ndi matenti a mabwana pamutu, opanda nsapato. Ena pafupifupi 19,000 anavala yunifolomu ya King's African Rifles. Ambirimbiri anatha ndi kamwazi, malungo ndi njala, manda awo osadziwika mpaka lero. Kunena mosapsatira, kavalo wa msasa umenewo anali munthu wakuda.

John Chilembwe anaziona zimenezi nkhondo itangoyamba. Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya eni. Lero nkhope yake ili m'matumba mwathu pa ndalama, koma ndalama yomweyo tikugulira zithunzi zokometsera nkhondo za azungu. Si chipongwe chimenechi?

Ena ati chithunzi ndi chithunzi basi, ndale zilowapo bwanji? Ayi, bwana. Khoma limaphunzitsa mwana kuposa aphunzitsi. Mwana wokulira pansi pa chithunzi chotere amadziwa kuti msilikali wolemekezeka ndi mzungu wa pakavalo, pamene za agogo ake amene anaswa msana sazimva n'komwe.

Nanunso ojambula athu musathawe mlandu. Mpaka liti mukhala mukujambula dzuwa likulowa panyanja ndi amayi osenza mitsuko kuti alendo akugulenimo mumsewu wa Victoria? Anthu akumudzi anakuposani kalekale: malipenga, mganda ndi beni ndi msasa wa asilikali umene anaujambula ndi miyendo yawo. Pitani ku Zomba mukaone chipilala cha KAR. Kafufuzeni zithunzi zakale ku Mandala House ndi ku nyumba ya mbiri yakale ya ku Chichiri. Mutijambulire mtengatenga atatula katundu madzulo, mapazi ali ming'alu yokhayokha, akuwotha moto.

Ndipo inu a ku Nyambadwe, chithunzi chimenecho chikadzatuluka mudzachigule pamtengo wolemekeza mwini luso, osati kunenerera ngati tomato wa mumsika wa Limbe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsitsani akavalowo, pakhomapo pakhale agogo.