Nkhwangwa yobwereka pa kanema wa m'komboni

Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Agogo anga aamuna, amene anachoka ku Dedza ali kamnyamata n'kudzathera mphamvu zawo m'migodi ya kuno ku Midlands, ku Zimbabwe, ankautchula mwambiwu munthu akabwera kudzabwereka njinga yawo. Tinkangoti ndi njira yawo yomanira. Ndinadzaumvetsa nditakula, ndipo amene anandimasulira ndi TV.

Pamzere wathu wa nyumba m'komboni ina ku Shurugwi, TV inali imodzi yokha, kwa anaPhiri. Dzuwa likapendeka, ana tonse tinkathamangira kumpopi kukatsuka mapazi, poti mayiwo sankalola wafumbi kuponda simenti yawo yopaka polishi wofiira. Ana tinkakhala pansi, amayi pamabenchi, pomwe abambo ankaima pakhomo, chipewa chili m'manja, kunamizira kuti akungodutsa. Chithunzi chikayamba mchenga, mnyamata mmodzi ankatuluka kukapotoza mlongoti wa eriyo, ife tikukuwa m'nyumbamo kuti, "Pomwepo! Ayi, wabwezanso!" Ndiwo zapsererapo m'makomo ambiri chifukwa cha theka la ola limenelo.

Chimene chinkatisonkhanitsa ndi Studio 263, sewero lopitirira tsiku ndi tsiku limene linayamba pa ZBC mu September 2002. Nambala ija ndi imene wachibale wa ku Lilongwe amayamba kudina akafuna kutiimbira foni kuno. Mkonzi wake anali Godwin Mawuru, yemwe uja anatsogolera filimu ya Neria, ndipo mwa olemba ake munali Aaron Chiundura Moyo, katswiri wa mabuku a Chishona. Atsikana a m'komboni ankafuna kuyenda ngati Vimbai Jari, gawo limene ankasewera Anne Nhira. Amayi ankamukalipira Tom Mbambo ngati akuwamva, mpaka wina kuloza chala pagalasi. John Huni, yemwe anali Stephen Chigorimbo, tinkamukamba ngati bwana amene tinakumana naye dzulo kusitolo. Nthawi imeneyo lamulo la zoulutsa mawu la 2001 linali litalamula kuti 75 peresenti ya zoonetsedwa ikhale ya m'dziko momwemuno, choncho seweroli linapeza khomo lili chitsegukire.

Koma nkhwangwayo inali ya eni. Ndalama zoyendetsera seweroli zinkachokera ku bungwe la PSI, limene linkathandizidwa ndi mayiko akunja pa nkhondo yolimbana ndi Edzi. Ndisanamizire kuti sinadule mitengo. Inadula, ndipo yaikuluikulu. M'komboni mwathu, mmene maliro ankachita kutsatizana ndipo anthu ankangoti malemuwo "anadwala nthawi yaitali", nkhani yokayezetsa magazi kumalo oyezera a New Start inalowa m'nyumba kudzera pakamwa pa anthu a m'seweroli. Mayi amene sakanatha kuyang'ana mwana wake wamkazi m'maso n'kumuuza za kudziteteza ankangoti, "Waona zamuchitikira mnzako uja?" Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko kanameta ndithu.

Vuto linadza mwini atatenga nkhwangwa yake. Thandizo lija litatha, ndalama ya dziko nayonso ikusanduka mapepala, seweroli linayamba kutsimphina, osewera n'kumabalalika mmodzimmodzi. Mawuru anamwalira mu 2013. Anne Nhira anakafera ku Johannesburg mu March 2021 atavulazidwa ndi achifwamba. Tatenda Mavetera, amene tinkamudziwa monga Tendai, anatsata ndale mpaka kukhala nduna ya zaukadaulo wa mauthenga mu 2023. Abale athu ku Malawi asaseke, poti nawonso Manganya wa mu Tikuferanji, a Michael Usi, anafika pa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024. Zikuoneka kuti njira yochoka pa kanema kupita ku boma ndi yosalala kuposa yobwerera.

Kudalira thumba la wina si matenda a kuno kokha. Masewero oterewa anabadwa nawo. Anayambira pa wailesi ku America m'zaka za m'ma 1930, akuulutsidwa masana kuti amayi azimvera uku akuchapa ndi kusita, ndipo olipira anali makampani a sopo monga Procter & Gamble. Dzina lawo m'Chingerezi mpaka lero limanunkha sopo pa chifukwa chimenechi. Guiding Light, limene analiyambitsa Irna Phillips pa wailesi mu 1937, linasamukira pa TV mu 1952 n'kudzatha mu September 2009, patatha zaka 72. Linafa oonera atachepa ndipo otsatsa malonda ataona kuti phindu lathawa. Kusiyana kwake n'kwakuti wogulitsa sopo uja ankadya kuchokera kwa woonera yemweyo, ndiye ankamusamala ngati ng'ombe yamkaka. Wothandiza wa kunja amayang'ana kalendala ya polojekiti yake. Tsiku likakwana amatseka mabuku, kaya Vimbai wakwatiwa kaya ayi.

Zathu zitafooka tinakabwereka ina, ndipo ulendo uno osapempha n'komwe. Madenga a ku Maglas ndi Mandava ku Zvishavane, a ku Torwood ku Redcliff, a ku Mbizo ndi Amaveni ku Kwekwe anadzaza ndi madishi, pansi pa TV pali kadikoda ka Wiztech kapena Philibao kokoka TV ya ku South Africa ya SABC mwaulere. Ambiri ankathamangira Generations. Ife a m'migodi mtima unali pa Isidingo, sewero la Gray Hofmeyr limene linayamba pa SABC3 mu 1998, chifukwa nkhani yake inkachitikira m'tauni yongopeka ya mgodi wa golide yotchedwa Horizon Deep. Munali zipewa zolimba zokhala ndi nyali pamphumi, munali nyumba za mabwana ndi za antchito, munali banja la a Matabane limene tinkaliona ngati la khomo loyandikana nalo. Barker Haines tinkadana naye ndi mtima wonse, komabe tsiku limene sanaoneke tinkadandaula. Nandipha, amene ankakhala ndi kachilombo ka HIV koma moyo n'kumapitirira, anaphunzitsa anthu zambiri kuposa zikwangwani za kuchipatala. Amalume anga ankati akaweruka shifiti ya usiku, asanagone, ankayamba aonera zobwereza za m'mawa, nsapato za mumgodi zili pakhomo, tiyi akuzizira m'kapu.

Pakati pa chaka cha 2013, kutatsala milungu yochepa kuti kuchitike chisankho cha pa 31 July, kampani ya Sentech ya ku South Africa inatseka mafunde aja khoti litalamula. Tinadzuka m'mawa galasi lili bii. Wina anakwera padenga kukagwedeza dishi, wina ananyamula dikoda kupita nayo kwa okonza mawailesi kumsika, osadziwa kuti mwini wangotseka zenera lake. Amene anali ndi ndalama analowa DStv, otsalafe tinabwerera ku ZBC. Isidingo nayo inadzatha mu March 2020, SABC itanena kuti oonera ndi ndalama zachepa.

Tsono pali china chimene chimandiwawa kuposa kuguluka kwa nkhwangwa. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Zaka zonsezi takhala tikutuma ena kuti akatiuzire dziko za moyo wathu, ndipo abwera ndi nkhani zokoma koma za kwawo. Studio 263 inali ya Harare. Horizon Deep, ngakhale inkafanana ndi kwathu, inali ya ku Joni. Pa magalasi onsewo sindinamvepo nkhalamba ikulankhula Chinyanja chathu cha m'komboni chija, chosakaniza ndi Chishona ndi Chilapalapa cha pansi pa mgodi. Gule wamkulu, amene anzathu kuno amati zvigure, akatchulidwa m'nthabwala amakhala chinthu choopsezera ana. Ife timangokhala "mabhurandaya", anthu oseketsa chifukwa cha kalankhulidwe.

Chonsecho nkhani zili mbwee, zoti mlembi sangavutike n'kupeka. Chaka chomwe Studio 263 inkayamba, ana ndi adzukulu a machona ambiri anakanizidwa kuvota pa chisankho cha March 2002, chifukwa lamulo la unzika la 2001 linawauza kuti ayambe akana unzika wa dziko la makolo awo, dziko limene ena sanalipondepo chibadwire. Taganizani bambo wobadwira pachipatala cha mgodi, chitupa chake chikumutcha mlendo, ataima pamzere kuyambira mbandakucha n'kubwezedwa. Mu 2004 boma linachotsa kampani ya SMM m'manja mwa Mutumwa Mawere, ndipo patangopita zaka zochepa mgodi wa kampaniyo wa Shabanie unaima, antchito n'kukhala zaka osalandira malipiro. Ng'anjo za fakitale ya zitsulo ya ZISCO ku Redcliff zinazima mu 2008. Mshona mnzathu ntchito ikatha amalongedza n'kubwerera kumudzi kwawo ku Chivi kapena ku Mberengwa. Nanga mchona, amene mudzi wake ndi nyumba ya kampani, alowera kuti? Ana ake ndi aja asanduka makorokoza, okumba golide ndi manja m'maenje osiyidwa. Mu March 2023 pansi pa kalasi ina pa sukulu ya pulaimale ya Globe and Phoenix ku Kwekwe panagumukira mu ngalande ya okumba golide, ana ali m'kati, ndipo angapo anavulala. Barker Haines ndi ziwembu zake zonse sanafikepo pamenepo.

Wina anena kuti kujambula sewero kumafuna ndalama zimene anthu a m'komboni alibe. N'zoona, ndipo sindikulota za nyumba yojambulira ya magetsi ambirimbiri. Koma agogo athu aja, ndi malipiro awo ochepa, anayambitsa mabungwe a maliro, mwezi ndi mwezi aliyense n'kumaponya kangachepe, kuti mnzawo asaikidwe ngati galu kudziko la eni. Anamanga matchalitchi ndi mizikiti, anasoka mayunifolomu a beni, anagula ng'oma. Palibe bungwe la kunja limene linawalembera polojekiti. Mabuku a mabungwe amenewo, a zikuto zothimbirira aja, ena akusungidwabe mpaka lero m'masutikesi pansi pa bedi, ndipo zopereka sizinaleke.

Zipangizo nazo zayandikira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndiponso anabwezera unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC. National FM imaulutsa m'chilankhulo chathu. Ku Zvishavane kuli wailesi ya YA FM komanso nthambi ya Midlands State University. Foni imene mdzukulu wanu amajambulira nthabwala zoika pa Facebook ndi YouTube ikuposa kamera zambiri za mu 2002. Ndipo tisaiwale kuti Guiding Light inatha zaka 15 ili ya mawu okhaokha isanaoneke nkhope. Sewero la mphindi khumi la pa wailesi, kapena lotumizirana pa WhatsApp, silifuna dishi.

Chimene chikutha msanga ndi eni nkhani. Amene anabwera kudzagwira ntchito kuno pa malole a Ulere kapena kudzera kwa Mthandizi atsala owerengeka, ndipo chaka chilichonse timakataya ena kumanda a kuseri kwa mulu wa dothi la mgodi. Agogo anga anapita ndi zawo zonse, ine ndili kalikiliki kutsata za a Matabane. Sindinawafunse n'komwe kuti anawoloka bwanji Zambezi.

Inu a mabungwe a maliro ku Shurugwi, ku Zvishavane, ku Redcliff ndi ku Kwekwe, pamsonkhano wa mwezi uno patulani kangachepe kogulira ana athu data ndi kamaikolofoni. Ndipo inu achinyamata, Loweruka lino musapite kubwalo la mpira musanakhale pansi ndi agogo anu, foni ili pa tebulo ikujambula.