Makompyuta akale a ku Milange: kugula placa kapena kudikira?

MILANGE. Aliyense amene wadutsapo pamsika wa ku Vila ya Milange, kapena pa Muloza kutsidya kwa malire, akuwadziwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Mlimi akagulitsa chimanga kapena nandolo amapatukira pamenepo, n'kupereka kadi ya memore, n'kukhala pabenchi kudikira. Chapafupi pamakhala ena otayipa makalata, opanga mafotokope a BI ndi osindikiza zithunzi. Ntchito yonseyi imadalira makompyuta a patebulo, aja a bokosi lachitsulo, amene ambiri mwa iwo anayamba atumikira m'maofesi a maiko akutali asanafike kuno.

Makinawa ndi okalamba, ndipo nkhani yochokera ku America yawakalambitsa kwambiri. Pa 14 Okotobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira pulogalamu yake ya Windows 10 monga inkachitira kale. Yolowa m'malo mwake, Windows 11, imafuna kompyuta yatsopanoko, yopangidwa cha m'ma 2018 kubwera kuno. Izi zili choncho, makolo amene anaika ndalama za zokolola m'bizinesi ya mwana wawo angathe kumva mawu awiri osiyana. Wina awauza kuti kompyutayo yatha, agule ina. Wina awauza kuti ingofuna kachipangizo kamodzi koika m'kati, kamene amisiri a kuno amati placa, ndipo idzathamanga ngati yatsopano. Mawu onse awiriwa ali ndi choonadi chochepa chabe.

Choyamba, kompyuta ya Windows 10 sinazime pa tsiku lija. Ikuyakabe, ikutayipabe, ikukoperabe nyimbo. Chimene chinatha ndi zigamba zachitetezo zimene kampaniyo inkatumiza kwaulere kwa aliyense. Zomwezi zinachitikira Windows XP mu 2014 ndi Windows 7 mu 2020, koma makompyuta a mapulogalamu amenewo sanaleke kugwira ntchito.

Tsono nkhani ya placa. Pobayira fulashi kapena chingwe cha foni pamatchedwa USB. Mabowo a USB ali ndi mibadwo. M'badwo wa USB 2.0 unatuluka mu 2000, ndipo pantchito yeniyeni umanyamula pafupifupi 30 MB pa sekondi. Wa USB 3.0 unatuluka mu 2008, ndipo papepala liwiro lake limaposa la mnzakeyo kakhumi. Kawirikawiri bowo la USB 3.0 limakhala la buluu m'kati, kapena pambali pake pamalembedwa zilembo za SS. Kampani ya Intel inayamba kuika USB 3.0 m'zipangizo zake zoyendetsa kompyuta mu 2012, choncho makompyuta ambiri opangidwa chaka chimenecho chisanafike ali ndi mabowo akuda okhaokha a m'badwo wakale. Placa ndi kabodi kakang'ono kamene amakabaya m'mpata wa pabodi yaikulu m'kati mwa bokosi, ndipo kamatulutsa mabowo awiri kapena anayi atsopano kumbuyo.

Phindu lake likuoneka bwino pa disiki zakunja, zija zimene anyamata amabwerekana kuti akopere mafilimu ndi nyimbo zatsopano. Disiki yodzaza 500 GB ikabayidwa pa bowo lakale imadya maola oposa anayi ndi theka kuti ikoperedwe yonse. Disiki yomweyo pa bowo la buluu, ikamayenda cha m'ma 100 MB pa sekondi, imatha mu ola limodzi ndi theka. Kwa munthu amene wabwereka disiki m'mawa ndipo mwini wake akuifuna masana, kapena amene akuopa kuti magetsi azima ntchito ili pakati, maola atatu amenewo ndi ndalama.

Koma kasitomala wa pabenchi uja sanabwere ndi disiki. Wabwera ndi kadi ya memore kapena fulashi yotsika mtengo, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Kadi yolembedwa nambala 10 m'kati mwa chilembo cha C imangolonjeza kulandira 10 MB pa sekondi, ndipo zotchipa zambiri sizipitirira kwenikweni pamenepo. Pa liwiro limeneli nyimbo zokwana 4 GB zimatenga pafupifupi mphindi 7, kaya bowo ndi lakuda kaya ndi la buluu. Bowo lakale lomwe linali kale ndi liwiro loposa la kadiyo katatu. Kukulitsa msewu sikuthamangitsa njinga yonyamula matumba atatu a chimanga. Ndiponso tinyimbo ting'onoting'ono tambirimbiri timachedwa kulowa kuposa filimu imodzi yaikulu yolemera chimodzimodzi.

Mafoni nawo amanamiza maso. Maiko a Mgwirizano wa ku Ulaya analamula kuti kuyambira pa 28 Disembala 2024 mafoni atsopano ogulitsidwa kumeneko azikhala ndi pobayira pa mtundu umodzi, USB-C, ndipo mtundu umenewu wafalikira kale ngakhale m'mafoni a m'misika ya kuno. Komabe USB-C ndi kaumbidwe ka kamwa chabe. Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi kamwa latsopanolo pamene m'kati akuyendabe pa liwiro la USB 2.0. Foni yotere ikabayidwa pa placa yatsopano siionjezera kanthu.

Ndiye kuti kwa woika nyimbo placa ilibe ntchito? Ili nayo, koma si imene ogulitsa amatchula. Mabowo a kompyuta ya pamsika amabayidwa ndi kuzulidwa tsiku lonse, fumbi likulowa, mpaka amakhwefuka. Placa imabwezera mabowo amoyo. Komanso mabowo anayi amalola makadi anayi kulandira nyimbo nthawi imodzi, ndipo popeza kadi iliyonse ndi yochedwa, onse anayi amakwana bwinobwino m'njira imodziyo. Tsiku la msika, anthu ochokera ku Majaua, ku Mongwe ndi kutsidya atadzaza pabenchi, chimene chimafupikitsa mzere ndi kuchuluka kwa mabowo. Bowo la USB 3.0 limaperekanso mphamvu yochulukirapo ya magetsi, 900 mA m'malo mwa 500 mA, ndiye disiki zija zimene zimangolira kuti tiki-tiki osatseguka nthawi zina zimadzuka.

Asanatulutse ndalama, mwini kompyuta ayenera kuzimitsa makina, kuzula chingwe kukhoma, n'kutsegula bokosi. Placa ya USB 3.0 imalowa m'mpata wotchedwa PCI Express, umene unayamba kupezeka m'makompyuta cha mu 2004. Bokosi limene lili ndi mipata yoyera yaitali yokhayokha, ya PCI yakale, lisiyeni: mipata imeneyo yonse pamodzi siipitirira 133 MB pa sekondi. Makompyuta ambiri ochokera m'maofesi, a Dell ndi HP, ndi a bokosi lopyapyala, ndipo amafuna placa ya chitsulo chachifupi. Ya chitsulo chachitali siilola bokosi kutsekeka. Placa zina zimafuna chingwe cha magetsi chochokera m'kati momwemo, chimene mabokosi opyapyala ena alibe chapadera. Windows 7 siizindikira USB 3.0 payokha, imafuna kapulogalamu kotchedwa driver, pamene Windows 8 ya mu 2012 ndi zotsatira zake zimaizindikira zokha. Mabowo a kutsogolo kwa bokosi amakhalabe akale ngati sanalumikizidwe ku placa yatsopanoyo.

Zonsezi n'zofunika kuzidziwiratu chifukwa katundu wotere sapezeka pafupi. Ku Mocuba ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 190, ku Quelimane n'kutali koposa. Ku Limbe n'kufupi, koma kuyambira pamene boma la Malawi linachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 aliyense mu Novembala 2023, katundu woitanitsa kunja anakwera mtengo m'masitolo a kumeneko. Munthu akabwerako ndi placa yosakwana m'bokosi lake, ya basi yokabwezera ingathe kuposa mtengo wa placayo.

Palinso zimene placa siichiza. Siisandutsa kompyuta ya mu 2010 kukhala yolandira Windows 11. Siichotsa mavairasi, ndipo kompyuta yolandira mafulashi a anthu ambiri patsiku ndiyo imagwidwa msanga, n'kupatsiranso kadi ya aliyense wobwera pambuyo. Ngozi imeneyi ikukula pamene zigamba zachitetezo zatha. Siithandizanso pa makadi achinyengo, olembedwa 64 GB pamene m'kati muli malo ochepa, amene mlimi amafika nawo kumudzi n'kupeza theka la nyimbo silikuimba. Ngati kompyuta imachedwa kuyaka ndi kutsegula mapulogalamu, vuto lili pa disiki ya m'kati, ndipo mankhwala ake ndi disiki ya mtundu wa SSD. Nyengo ya mvula ndi ziphaliwali za m'phiri la Tumbine ikafika, chipangizo chotchinjiriza magetsi okwera mwadzidzidzi chimateteza chuma chambiri kuposa placa iliyonse.

Chomaliza choyenera kuyang'ana ndi msika wa makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito. Lamulo la Windows 11 likukakamiza maofesi a ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa kusiya makina abwinobwino opangidwa pakati pa 2013 ndi 2017. Makina amenewa ali kale ndi mabowo a buluu, ndipo n'zoyembekezeka kuti ena mwa iwo atsata njira yomwe anadzera akale aja. Amene kompyuta yake ndi ya pakati pa 2007 ndi 2011, ili ndi mpata wa PCI Express, ndipo ntchito yake ndi ya disiki zikuluzikulu kapena mzere wautali wa tsiku la msika, placa imubwezera ndalama zake. Amene bokosi lake lili ndi mipata yoyera yokhayokha, kapena limazima lokha likatentha, ndi bwino asunge mameticais akewo kufikira kukolola kukubweraku, ndipo pogula ina ayambe watembenuza bokosi n'kuwerenga mabowo a buluu kumbuyo.