Phiri Nalo Ndi Chipinda Chophunziriramo

Ife amene tikusulidwa pa ntchito ya uphunzitsi tazoloŵera kujambula phiri pa bolodi, chonsecho phiri lenileni laima kuseri kwa zenera. Mwana wa ku Nsanama amaona mapiri a Chikala m'maŵa uliwonse, koma m'kalasi amangoloŵeza mawu akuti "kukokoloka kwa nthaka" osazindikira kuti ndicho chigwembe chija wadumpha pobwera ku sukulu. Maganizo athu ndi akuti mphunzitsi azikwera phiri ndi ana ake kamodzi pa chaka.

Tisapite chimanjamanja. Titenge mandimu, msomali ndi kachidutswa ka mwala wa njereza, wonga umene umakumbidwa m'mapiri a Chenkumbi ku Balaka. Mwana akapala mwalawu ndi msomali, nafinyira ndimu pa ufa wake, pamatuluka thovu. Akayesa mwala wa ku Chikala, thovu silioneka. Apo wadziŵa yekha kuti miyala siyofanana.

Kenaka timfunse za njereza yopaka khoma la kalasi yake. Kuti mwala usanduke njereza umaotchedwa mu uvuni pa moto wa madigiri pafupifupi 900, ndipo moto wotere umadya nkhuni zambiri. Makala nawonso ndi chimodzimodzi. Tsono pokwera, ana ayende mapazi 50 akuŵerenga mitengo ya msuku, mombo ndi muŵanga imene yaima, ena akuŵerenga zitsa. Achite tero m'tsinde mwa phiri, achitenso chapamwamba. Masamu, sayansi ndi jogalafe zakumana pa ulendo umodzi.

Ena adzati ulendo wotere ndi wotaya nthaŵi ya mayeso, ndiponso kuphiri kuli njoka. Nkhaŵa imeneyi sitikuipeputsa. Nchifukwa chake tiyambe taonana ndi makolo, amfumu ndi alonda a nkhalango. Tisankhe mwezi wa Juni kapena Julayi, tinyamuke m'mamaŵa, ana tiŵagaŵe m'timagulu, ndipo tisakakamire kufika pansonga. Kunena za mayeso, chimene mwana wagwira ndi manja sichichoka msanga m'mutu.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche ku Blantyre, nakwirira nyumba ndi anthu. Ana amene tidzaŵaphunzitse ndiwo adzagwire nkhwangwa maŵa. Kuwongola mtengo mpoyamba: tiŵaonetse phiri mitengo isanathe.