Moto wapambaula usamangothera phulusa

Tsiku ndi tsiku amayi kumudzi amasonkha moto wa nsima, koma kutentha kwambiri kumangothawa ndi utsi. Kukada banja lomwelo lili mumdima, ndipo kuti foni itchajidwe mwana ayende mtunda kukalipira pagolosale.

Chonsecho njira yokolola kutenthaku idapezeka kalekale. M'chaka cha 1821 katswiri wa ku Germany, Thomas Seebeck, adatulukira kuti zitsulo ziwiri zosiyana zikalumikizidwa, mbali ina n'kutentha ina n'kuzizira, zimatulutsa magetsi. Nzeru yomweyi ndiyo imapereka mphamvu ku zombo za m'mlengalenga za Voyager zomwe zidanyamuka mu 1977.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Akatswiri a ku Trinity College Dublin, mogwirizana ndi bungwe la Concern Universal, adamata kachipangizo kotere pa Chitetezo Mbaula ku Balaka. Mabanja ankatchaja mafoni ndi nyali uku ndiwo zili pamoto.

N'zoona, magetsi ake ngochepa. Pa kutentha konse, gawo losakwana 10 peresenti ndilo limasanduka magetsi, ndipo sangayendetse chigayo. Komanso zipangizo zake n'zochokera kunja. Koma mwana wa sitandade 8 safuna chigayo, amafuna nyali yowerengera.

Ena ati izi zilimbikitsa kudula mitengo. Ayi, nkhunizo zikuyaka kale, ndipo mbaulayi imadya zochepa kuposa mafuwa.

Boma lichotse msonkho pa zipangizozi, ndipo TEVETA iphunzitse achinyamata kuziika ndi kuzikonza. Apo ayi, nzeruyi ingogona m'malipoti anthu ali mumdima.